Maso a pa Malata

Mboni zanga ndi zitatu: amayi anga a Namulewa, a Mukhuna amene anali kapitawo, ndi Che Amidu woyendetsa ngolo wa ku Luchenza. Onse anamwalira, koma manda awo ndikulozerani, mukafunse nokha.

Ndinali ndi zaka ngati zisanu ndi zitatu, nthawi ya thangata, pamene mzungu wa pa esiteti anapatsa abambo malata akale a pa shedi ya tiyi. Tinasasula udzu n'kukhoma malatawo, anzathu akuonerera ndi njiru. Chimene sitinachiganizire ndi mabowo a misomali yakale.

Dzuwa litafika pamutu, maso a pa malata anatseguka. Timadontho ta kuwala tinagwera pa mtsuko, pa mphasa, ponseponse, ndipo timadonthoto tinkakwawa pang'onopang'ono ngati tikufuna munthu. Utsi ukadutsa, diso lililonse linkamera mwendo wautali woyera. M'nyumba momwe tinkasekera tinayamba kunong'onezana. Nkhuku yathu inasuzumira pakhomo n'kubwerera chafutambuyo mpaka ku Khonjeni. Ndikulumbira.

Masiku amenewo mlongo wanga Esinati ankadwala malungo. Tsiku lililonse diso limodzi linkayambira kumapazi kwake, kukwera, n'kukaima pamphumi. Tikasuntha mphasa, lina linkamupeza.

"Akumuyeza bokosi la maliro," anatero amayi. "Loweruka ndinyamuka naye, ndibwerera kwathu kuseri kwa phiri."

Mtolo anamangadi. Ine ndikanatsala ndi abambo, munthu wosadziwa ngakhale pamene pamakhala mchere.

Abambo anakwera padenga ndi phula n'kutseka mabowo. Apo ndiye tinanyanyitsa. Nyumba zathu zinalibe mawindo. Kale kuwala kunkasefekera mu udzu. Tsopano masana kunada bii, malata akuthetheka ndi kutentha ngati wina akuyenda pamwamba. Kupuma kwa Esinati kunkamveka, mwiniwake osaoneka. A Mukhuna atabwera kudzazonda wodwala, anaima pakhomo, anavula chipewa, n'kuyamba nyimbo ya maliro.

Lachisanu Che Amidu anaimitsa ngolo yawo ya mabokosi a tiyi kudzapempha madzi. Anasuzumira m'kati.

"Achimwene, mwamanga kapena mwakumba?" Che Amidu anafunsa abambo.

"Maso ndatseka, Che Amidu. Mukufunanso chiyani?"

"Kuwala kochokera pamwamba amakuona ndi munthu amene ali m'dzenje. Mdima ngati uwu amauona akamukwirira. Kwa amoyo kumalowera m'mbali, ngati mlendo. Bweretsani chikwanje."

Anaboola khoma la kum'mawa, bowo lofanana ndi lichero, anamwa madzi awo, napita.

Loweruka m'mawa dzuwa linalowera pabowopo n'kukhala pamphasa mwaulemu. Mtsuko unakhalanso mtsuko. Esinati anatsinzina, anayetsemula, n'kunena kuti akufuna phala. Amayi, mtolo uli kale pamutu, anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anautula.

"Iwe," anandiuza, "kaisake nkhuku ija."

Ndinakaipeza ili ndi anapiye.

Lero ndikalowa m'nyumba ya munthu, ndisanafunse za moyo ndimayamba ndaona kumene kuwala kukulowera, chifukwa ndinaphunzira kuti makoma omwewo angakhale kwanu kapena manda ako. Koma ndisakunamizeni: diso limodzi linakana phula. Linkawala ngakhale pa chiperoni, nkhungu itaphimba minda yonse ya tiyi. Esinati anakula, anakalamba, anaona zidzukulu, ali ndi kadontho koyera pamphumi. Tsiku lomuika m'manda ndinapempha kuona nkhope yake. Kadontho kaja kanali katachoka.