A Phiri a M'nyuzipepala

Dzulo pamsika wa Ntchisi anandikulungira mandasi m'nyuzipepala. Fungo la pepalalo linandibweza ku esiteti ya fodya komwe bambo anali tenanti.

Tsiku lina kunabwera kamtolankhani kovala tayi, katakwera galimoto ya bwana. Kanaima pakhomo pa chigafa cha fodya, maso ali pa nsapato zake kuopa matope. Bambo anakauza kuti, "Ana anga agonera mango masiku atatu." Iko kankangogwedeza mutu, cholembera chili mkamwa.

Nyuzipepala itafika, ndinawawerengera bambo: "'Kuno tikudya bwino,' anatero a Phiri."

"Bambo, kodi pa esiteti pano pali a Phiri ena?" ndinafunsa.

Bambo anatenga nyuzipepalayo. Anang'amba tsambalo n'kupichiramo fodya.

Ndakula tsopano, ndipo sindinapezebe ntchito ina yoyenera zolemba za kamunthu kaja.