Bala la Amalume Sindinaliyang'ane

Mapointi anga a fomu folo sanakwane kuti ndilowe sukulu ya udokotala. Ndinkangosinkhasinkha: ndidzere ku unamwino kaye, kapena ndibwereze mayeso? Koma kwathu ku Kanduku ndinanama kuti anditenga kale.

Tsiku lina amalume, amene amagulitsa manachesi pamalire, anapinda buluku n'kundionetsa bala la pamwendo.

"Adokotala athu, tandionereni."

Fungo lake linandichititsa nseru. Maso anga anali pa nsapato zawo pamene ndinkayankha kuti, "Palibe vuto, amalume, muzingotsuka ndi madzi amchere."

Anathokoza, n'kundidzazira manachesi m'jumbo. Ndinadya onse, osatsala ngakhale limodzi.

Patangotha sabata anawagoneka m'chipatala, mwendo utatupa ngati mtondo. Nditapita kukawazonda, anauza anamwino monyadira kuti, "Uyu ndi mnzanu." Mpaka lero ndikamva fungo la manachesi ndimafuna kusanza.