Chiboo pa Golide wa Agogo

Amene anayambitsa zonsezi ndine, ndipo musavutike kundifunsa ngati ndikumva chisoni. Bambo anga anandifunsa kale ndi lamba.

Nyumba yogundana khoma ndi yathu ku lokeshoni ya Harari munkakhala agogo ena a Chiyao, osesa pa njanji ku Lochinvar. Sanali abale athu, koma kwa ife a ku Nyasalande aliyense wolankhula chathu ndi mbale. Chaka chimene ndinalowa Fomu 2 anawachotsa ntchito chifukwa cha chifuwa. Mu lokeshoni nyumba imayendera ntchito, ntchito ikatha makiyi ubweze. Agogowo anatsala ndi khumbo limodzi, kukwera sitima kukafera kwawo ku Mangochi, asaikidwe kuno ngati mtchona.

Tsiku lina ndikuchokera kusukulu anandiitana.

"Iwe wophunzira, tabwera undiwerengere."

Anatseka chitseko n'kumasula kansanza m'chiuno. Munali ndalama ziwiri, zazing'ono ngati sheleni koma zolemera, zofiirira ngati uchi. Ina inali ndi mutu wa mfumukazi yakale ya Angerezi, kuseri kwake munthu wa pakavalo akubaya chinjoka. Inayo inali ndi nkhalamba yandevu ya Mabunu. Anazilandira ku Joni ali mnyamata, nkhondo yoyamba ya Jeremani isanabwere, masiku amene migodi inkalipira golide weniweni. Anzawo zawo anamwera mowa, ena anakwatirira. Iwo anasunga ziwirizi. Anagwetsa imodzi pa simenti, inalira nthawi yaitali.

"Wamva? Mkuwa sulira choncho."

Anali atamva kwa mnzawo wa pa njanji kuti m'tauni muli mzungu wogula ndalama zakale, ndipo ankafuna adziwiretu zimene zalembedwapo, asakawabere. Ina inali ya Chilatini, inayo ya Chibunu. Ndinangozindikira chaka chokha, koma mwana wa Fomu 2 sanena kuti sindikudziwa. Ndinapisa m'thumba n'kutulutsa khobidi la boma la Chitaganya, lija la njovu, lokhala ndi chiboo pakati.

"Agogo, ziboo zake zili kuti?"

"Ziboo zanji?"

"Simunamve? Chibwerere Chitaganya, ndalama yofiira iliyonse iyenera kukhala ndi chiboo. Onani iyi. Yopanda chiboo ndi ya boma lakale. Apolisi akabwera kudzafunsa zitupa n'kuzipeza, zimenezi alanda, inuyo akutengani."

Ndinkayembekeza kuti andithamangitsa ndi tsache. Sanatero. Munthu amene waona lamulo loletsa kuyenda pakhonde la sitolo, lamulo la mowa, lamulo la amene angagone m'nyumba mwako, lamulo la chiboo silingamudabwitse.

M'mawa mwake ndikumanga nsapato ndinamva hamala kuseri kwa khoma. Ndinadziwa. Khomo lawo linali pomwepo, ndikanatha kuthamanga. Koma ndinkafuna kuona ngati msomali ungapyoze golide. Umapyoza, ndithu. Golide ndi wofewa kuposa mmene anthu amamutamira.

Loweruka anavala chipewa chawo choyera n'kunditenga kuti ndikawamasulire. Ndalamazo anali atazikwechanso ndi phulusa kuti zikaonekere kwa mzungu. Sitoloyo inali kachipinda kamdima. M'mabokosi agalasi munali ndalama za mayiko osiyanasiyana, iliyonse pakansalu kake ngati khanda. Mwini wake, mzungu wowonda, anaika kagalasi padiso, n'kuyang'ana ya ndevu ija mpaka ine ndinatopa kuima.

"Wachita izi ndani?"

Ndinamasulira. Agogo anawongoka.

"Muuze kuti ndine. Ndatsata lamulo."

Mzunguyo anafotokoza mosakweza mawu, ngati akuwerenga za nyengo. Anati ndalama yakale sagula ndi sikelo yokha. Amayang'ana chaka, amayang'ana ngati tsitsi ndi ndevu zikuonekabe bwino, ngati m'mphepete simunaphwanyike. Ya ndevuyo anthu osonkhanitsa ndalama kutsidya kwa nyanja amaifuna, ndipo ikanakhala yosaboola ikanawafikitsa kwawo ndi katundu kumutu. Phulusa linafafaniza nkhope, msomali unamaliza zotsala.

"Tsopano si ndalamanso," anatero. "Ndi tizidutswa ta golide. Ndipo munthu wakuda wopezeka ndi golide popanda chilolezo, nkhani yake ndi ya apolisi. Ndikuwathandiza agogowa pozitenga ine."

Kaya zinali zoona kaya ayi, ine sindikudziwa mpaka lero. Chimene chinandikomera n'chakuti bodza langa linasanduka loona pamaso panga. Ndi ana angati a sukulu amene anapangapo lamulo, lamulolo n'kugwiradi ntchito? Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke.

"Akuti chiyani?" anafunsa agogo.

Ndinawamasulira zonse, osasiyapo kanthu. Pa Chingerezi ndimakhoza bwino.

"Nanga lamulo lija la chiboo?"

"Kulibe, agogo."

Sanandimenye. Anatenga ya mfumukazi n'kuigwetsa pa kauntala. Inangoti thi, ngati batani. Anaitolanso, anaigwetsanso, khutu atayandikiza. Kenaka anakankhira zonse ziwiri kwa mzunguyo n'kulandira timasheleni timene anawaikira. Pobwerera anayenda kutsogolo, akutsokomola, osacheuka. Pa mlatho anandigulira banzi chifukwa chowaperekeza, ndipo ndinadya.

Masheleniwo sakanawafikitsa ngakhale ku Tete. Mwezi utatha anabweza makiyi, banja lina la ku Tete komweko linawasunga m'kanyumba ka udzu ku Epworth. Iwo sanauze munthu aliyense za ine. Ndinadziulula ndekha kusukulu, chifukwa nkhani yokoma chonchi sungaisunge, ndipo inayenda pakamwa mpaka inawapeza bambo kuntchito.

Anandikwapula ndi lamba wa makina osokera, mayi ataima pakhomo osaleretsa. Atatopa anatenga khobidi lija la njovu, anapisa chingwe pachiboo n'kundimanga m'khosi.

"Uzivala ichi mpaka agogo aja akafike kwawo. Anthu akakufunsa, uziwauza."

Ndinkawauzadi, ndipo nkhaniyo ndinkaikometsera, moti ana a Fomu 1 ankanditsata kuti amvenso. Agogo anamwalira mvula itangoyamba. Anawakulunga nsalu yoyera n'kuwaika ku Epworth komweko, m'dothi lonyowa, anthu ake ochepa oti ungawaloze ndi chala. Bambo anandiimika kutsogolo kuti ndione.

Pobwerera ndinaganiza kuti chilangocho chilibenso potha, popeza kwawo sadzafikako. Ndinadula chingwe ndi mano, khobidilo n'kugulira maputi pa siteji ya basi. Mayi wogulitsayo analandira osafunsa, poti linali ndi chiboo.