Nsapato Zanga Pansi pa Shelufu

Ndinabisala. Ine munthu wamkulu, kalaliki wa ku Boma ku Chipata, tayi ali pakhosi, ndinabisala kuseri kwa mafayilo.

Inali nthawi imene boma linkachepetsa antchito, ndipo kalata yochotsa a Zulu, mesenjala wathu, ndinaitayipa ndi manja angawa. A Zulu anayamba ntchito m'masiku a atsamunda, akuvala chisoti chofiira. M'mawa uliwonse ankakweza mbendera, kugawa mafayilo m'maofesi, ndi kusintha deti pachidindo changa ine ndisanafike. Ngakhale nyumba yanga ya ku Kapata anandipezera ndi iwo.

Tsiku lawo lomaliza anayenda khomo ndi khomo kutsanzika. Nditamva mapazi awo pakhonde, ndinasowa nkhope yowaonetsa. Ndinathawira kuseri kwa shelufu, n'kugwira mphuno kuti fumbi lisandiyetsemulitse.

"Odi, akalaliki!"

Ine zii.

Anaima kanthawi. Kenako ndinamva drowa yanga ikutseguka.

"Deti ndakuikirani kale ya mawa," anatero motsitsa mawu, akulankhula ndi shelufu. "Tsalani bwino, mwana wanga. Ine ndabwerera kwathu ku Chiparamba."

Atatuluka ndinayang'ana pansi. Nsapato zanga zinali poyera, zonse ziwiri, zikunyezimira polishi.

Mawa lake ndinadinda mapepala bwinobwino. Mkuja wake, ndi tsiku linzake, ndinkangodindabe deti yomweyo osazindikira, mpaka bwana anandikalipira. Ndinapepesa msanga, ndi manja awiri. Bwana ndinamupepesa. A Zulu anamwalira ndisanapondeko ku Chiparamba.