Masamba a M'mwala Amene Ndinawakana

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinatola mwala woyamba. Nthawi imeneyo tinkakhala kudera la Chikomeni, cha ku Lundazi, kutsidya kwa malire a Malawi, pamunda wa fodya wa a Mtonga. Atate anachokera ku Kasungu kudzagwira ntchito pamundapo ine ndisanabadwe, koma anthu ankatitchulabe kuti a ku Malawi, ngakhale ine Chitumbuka ndinkachilankhula bwino kuposa Chichewa cha makolo anga.

Kumunsi kwa munda kunali khwawa limene madzi a mvula anakumba mozama. Tsiku lina amayi anandituma kumeneko kukatapa dothi lozirira m'nyumba. Pokumba ndinagunda mwala wotuwa, wosanjikizana ngati mapepala a buku, ndipo unang'ambika pakati. M'kati mwake munali tsamba. Linali lalitali ngati lilime la ng'ombe, mitsempha yake yonse ikuoneka, yolukana ngati ukonde. Ndinalikanda ndi chikhadabo kuti ndilichotse, koma linali mwala weniweni.

Ndinaiwala dothi, n'kuthamangira kuchigafa kumene atate ankasoka fodya. Anapukuta manja awo omata phula la fodya, n'kuutembenuza mwalawo kwa nthawi yaitali. Atate sukulu anailekera kalasi yachitatu, koma mitengo ankaidziwa yonse. Anati tsamba lotere sanalionepo pa mombo, pa msuku, ngakhale pa mtengo uliwonse wa kuno kapena kwawo.

Kuyambira pamenepo, Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi tinkatsikira kukhwawa awiriwiri. Iwo ankang'amba miyala ndi chikwanje chakale, ine ndinkasankha. M'miyala ina masamba anali ambirimbiri, ogonerana ngati amene amayoyoka m'chilimwe. Atate ankaganiza mokweza. Ankati masambawo anagwera m'matope a madzi odekha, chifukwa akanagwera m'madzi othamanga akanang'ambika, choncho pamalo ouma amenewa panali dambo lalikulu. Tsamba lina linali lodyeka m'mphepete, ndipo anaseka kwambiri, amvekere mbozi sizinayambe ndi fodya wa a Mtonga. Tinapezanso chidutswa cha mtengo chimene chinasanduka mwala, cholemera ngati nkhwangwa. Anandionetsa mizere yozungulira ya m'kati mwake, ina yotakata, ina yopanikizana, n'kunena kuti mtengo umenewu unaona zaka zabwino ndi zaka zovuta ngati ife.

Miyala yabwino tinkaisunga m'chitini cha mafuta ophikira, kunsi kwa bedi. Amayi sankakondwa nayo. Ankati mlendo sasunga zinthu zimene anthu sangazimvetse, koma atate ankangoti ndi za mwana.

Ine ndi amene ndinalakwitsa poyamba. Ndinkafuna kuti Tiwonge, mwana wa a Mtonga amene ndinali naye m'kalasi imodzi, andione ngati munthu. Iye anali ndi nsapato, ine ndinalibe. Ndinamulowetsa m'nyumba makolo kulibe, n'kumutsegulira chitini. Pofuna kukometsa nkhani ndinamuuza kuti atate amatha kumva zimene miyala imanena, ndipo amadziwa zimene zinachitika anthu asanakhaleko.

Chaka chimenecho mvula inanyanya nthawi yokolola. Fodya wa m'zigafa ziwiri zimene ankayang'anira achibale a a Mtonga anaola, nachita nkhungu yonunkha. Wa m'chigafa cha atate anauma bwino, chifukwa iwo anali atafolera denga kawiri ndiponso sankapanikiza masamba. Zimenezi aliyense ankazidziwa. Koma Tiwonge anali atafotokoza kale kwawo za chitini, ndipo pasanathe sabata, amayi akafika pachitsime anthu ankasiya kulankhula.

A Mtonga anatiitanitsa masana, pabwalo la nyumba yawo, antchito onse ndi achibale alipo. Chitini anachikhuthula pansi. Miyala ija, imene kukhwawa inkaoneka yokongola, pafumbi paja inaoneka ngati zinthu zobisika ndithu. Mlamu wawo wa a Mtonga ananena kuti atate anakhwimira fodya, kuti masamba a m'miyalawo ndiwo amakoka mphamvu ya masamba a anzawo. Atate anayesa kufotokoza za khwawa ndi matope akale, koma anthu anaseka, ena n'kumafunsa kuti munthu wosaphunzira zimenezo anazidziwa bwanji ngati si mwa ufiti.

Kenako a Mtonga anandiloza.

"Iwe Esinati, bwela kuno. Atate ako akuti iyi miyala ni yako, ndiwe unatola. Ni zoona?"

Ndinaona maso onse ali pa ine. Ndinaganiza za kusukulu, za dzina limene adzandipatse, za kukhala ndekha pabenchi mpaka kumaliza.

"Si yanga," ndinatero. "Ine sindidziwa kanthu. Ndi ya atate."

Atate anandiyang'ana kamphindi kochepa. Nkhope yawo sinaonetse mkwiyo, ndipo ndikanakonda ikanaonetsa. Anatembenukira kwa a Mtonga n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mwana wanena zoona. Ndi yanga. Musiyeni apite."

A Mtonga anapatsa atate nyundo kuti aphwanye miyalayo okha. Anagwada n'kuphwanya umodziumodzi, mpaka wotsiriza, ndipo zidutswa zinakatayidwa m'chimbudzi. Chidutswa cha mtengo chija chinakana kusweka, choncho anachiponya chathunthu. A Mtonga sanali munthu wankhanza, ndipo ndikukhulupirira kuti za ufitizo sanazikhulupirire kwenikweni. Koma achibale awo ankafuna wina woti asenze mlandu wa fodya woola, ndipo kuchotsa mlendo kunali kosavuta kuposa kukangana ndi mlamu. A Mtonga anatiuza kuti fodya akangomangidwa m'mabelo tichoke.

Tinasamukira ku Kapichila, kumene atate anayambanso ngati munthu watsopano, kulima mtedza ndi chimanga m'minda ya eni. Mbiri inatitsatira pang'ono, moti kwa zaka ziwiri atate sanaloledwe kuimba kwaya, chinthu chimene ankachikonda kwambiri. Za tsiku lija sanandifunsepo. Ankandigulira makope, ankandiperekeza kukalemba mayeso, koma Lamlungu masana ankangokhala pakhonde.

Ndili kukoleji ya uphunzitsi ndinatsegula buku la sayansi n'kupeza tsamba lija, lilime lomwelo, ukonde womwewo. Ndinawerenga kuti mitengo imeneyo inkamera m'madambo kalekale, nyama zikuluzikulu zija za m'mabuku zisanakhaleko, kuti inkayoyola masamba nyengo yozizira, ndipo masamba ake owunjikana ndiwo anasanduka malasha m'malo ena. Masamba omwewo amapezekanso m'maiko a kutsidya kwa nyanja zazikulu, umboni wakuti maikowo anali ogundana ndi lathu. Pafupifupi zonse zimene atate ananena atanjuta m'khwawa zinali m'bukumo, m'Chingerezi chovuta.

Patchuthi ndinabwereka bukulo n'kupita nalo kumudzi. Ndinawapeza akusenda mtedza. Ndinatsegula pa chithunzi chija, ndikuganiza kuti ndikamaliza kufotokoza ndipepesa. Anayang'ana pang'ono, n'kubweza bukulo ndi kuseri kwa dzanja.

"Zisiye izo, mwanawe. Zinatipweteka kale."

Anapitiriza kusenda mtedza, ndipo ine ndinatseka buku. Kupepesa kuja sikunatuluke tsiku limenelo, ngakhale masiku ena onse mpaka pamene tinawaika m'manda.

Lero ndimaphunzitsa sayansi kufupi ndi boma la Lundazi. Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti ndinali mwana chabe, ndipo ndi zoona. Ndinkadziuzanso kuti ngakhale ndikanavomera, akanatithamangitsabe, ndipo mwina zimenezonso ndi zoona. Koma chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti nyumba ndi ntchito atate anazipezanso, pamene chidwi chawo sichinabwererenso. Pabwalo lonse lija panali munthu m'modzi yekha amene ankadziwa kuti iwo si mfiti, koma munthu wanzeru amene analibe womumvera. Munthu ameneyo anafunsidwa pamaso pa onse, ndipo anayankha kuti sadziwa kanthu.