Pamene mzere wa Revubwe unaduka

Mana Lusiya, achemwali anga a pantchito, lero ndatsegula komputadora yakale ya m'kalasi mwathu kuti ndionetse ophunzira mmene madzi a mtsinje wa Revubwe amakwerera ndi kutsika, ndipo tsamba la pa interneti lija landilonjera ndi dzina lanu. Chaka chatha chimwalirireni inu, koma palibe wafufutapo. Inenso ndalephera. Ndangokhala pansi, thukuta lili kamukamu, ophunzira akundiyang'ana.

Ndakumbukira tsiku lija tikuphunzitsa limodzi, mzere woonetsa kuchuluka kwa madzi patsambalo utaduka pakati pa dzinja. Wophunzira wina anati, "Pulofesora, apa ndiye kuti mtsinje unauma." Simunamukalipire. Munatikweza tonse chapa, minibasi ija, mpaka kumtsinje, dzuwa likuswa mtengo, n'kutiloza chitsulo chopindika pamene panali choyezera madzi. Chigumula chinali chitachizula. "Makinawa sananame, anamira," munatero. "Manambala akasowa, bwerani mudzafunse amene amagona m'mbali mwa madzi." Mayi wina wochapa anatilozera pakhoma la nyumba yake pamene matope analekezera, pamwamba pa zenera.

Ana a chaka chino amangokopera mizere pafoni, Mana, ndipo ine ndatopa. Chichokereni inu sindinapite nawo kumtsinje ngakhale kamodzi. Ndimanamizira kutentha. Lero mtsikana wina wawerenga dzina lanu n'kundifunsa kuti Lusiya ameneyu ndani. Ndangowauza onse kuti mawa abwere ndi zipewa ndi madzi akumwa.