Nyale yokumbukira Rozina yatsika pakhoma

Sabata ino ndagwira ntchito imene sindingaifunire ngakhale mdani wanga. Ndinapita kukauza bambo wofedwa kuti mphatso imene anapereka pokumbukira mkazi wake ikuika amayi ena pachiswe. Palibe anandituma. Onse anakana, ndiye ndinadzituma ndekha.

Mwana wa mlongo wanga, Felisita, ali ndi pakati poyamba. Miyendo yamutupa, mutu sukumusiya, tensau, kuthamanga kwa magazi kuja, yakwera. Namwino wa pa kachipatala ka kwathu, kuseri kwa Chidzolomondo, anamuuza kuti asabwererenso kumudzi, adikirire pompo. Inu amene munabereka mukudziwa tanthauzo lake. Tsiku lake zinthu zikavuta, pafunika ambulansi yochokera ku Furancungo, ndipo ifunika msanga. Ine ndine atsibweni ake, chikachitika kanthu mbumba yonse idzayang'ana ine. Choncho Lachiwiri ndinakwera mota, njinga yamoto ija, ndi kathumba ka nyemba kukamuona.

Pa kachipatalapo foni sigwira. Ukafuna kuimba umayenda mtunda ndithu, n'kukwera phiri, ndiye uzipempha Mulungu. Chimene chilipo ndi kabokosi ka intaneti, kokhala ndi mlongoti wake padenga. Namwinoyo, a Enfermeira Lusiya, amaitanira ambulansi pamenepo, amafunsira dokotala pamenepo. Njira ina yotulutsira mawu palibe.

Ndipo chichokereni masika, njira imeneyo imatsekeka dzuwa likangolowa.

Zifukwa tinali nazo zambiri, ife sitisowa zifukwa. Ena amati ndi mitambo. Ena amati madzulo anthu amadzazana pa rede, netiweki ija. Ena amanong'ona dzina la nkhalamba ina ya kutsidya, mukudziwa kale mmene timachitira. Tekiniko, mnyamata wa ndevu dzina lake Domingu, anabwerapo kangapo. Koma amabwera ndi chapa cha m'mawa, kaminibasi kathu, n'kubwerera ndi cha masana, ndipo masana intanetiyo imathamanga ngati mbuzi yodula chingwe. Amayang'ana, amapeza zonse zili bwino, amapita.

Lachiwiri limenelo Domingu anali atabweranso, ndipo mvula inatithandiza. Mtsinje unasefukira, chapa sichinabwerenso, ine ndi Domingu tinatsala pakhonde tikukukuta chimanga chootcha. Kutayamba chisisira mlonda anayatsa magetsi. Domingu anali akuyang'ana kabokosi kaja pawindo. Kamaso kake kobiriwira kanaphethira, kenaka kanafiira.

Anasiya chimanga. Anabwereka kawailesi kwa mayi wina wodikirira wodwala, n'kukatembenuzira pamalo popanda siteshoni. Kanayamba kulira ngati mavu m'chitini. Ndiye anayamba kuyenda nako chipinda ndi chipinda, ine pambuyo. Anazimitsa firiji ya katemera, phokoso lilipobe. Anazula matchaja a mafoni, lilipobe. Timababu ta pakhonde, lilipobe. Titayandikira chipinda chochilira amayi, phokoso linakula mpaka Felisita anatseka makutu.

M'chipindamo, pakhoma, munali nyale ya LED yaikulu ngati mbale yodyera, yowala mbee, moti ukhoza kutola singano pansi.

"A Enfermeira, tazimitsani iyi," anatero Domingu.

A Enfermeira sanasunthe. Anangoyang'ana nyaleyo, n'kuyang'ana ine. Domingu anatambasula dzanja n'kuzimitsa yekha. Wailesi inangoti zii. Posakhalitsa kamaso kaja kanabiriwira, foni ya a Enfermeira n'kuyamba kulira ndi mauthenga. Anayatsanso, kanafiira. Anazimitsanso, kanabiriwira.

"Pronto, wakuba wathu ndi uyu," anatero. Anafotokoza kuti m'kati mwa nyale zoterezi muli kachipangizo kamene kamadula magetsi tizidutswatizidutswa mofulumira, ndipo kudulako kumatulutsa phokoso limene khutu silimva koma makina amamva. Nyale zopangidwa bwino zimakhala ndi chotsekereza phokosolo. Zongolowa pamsika m'makatoni opanda dzina, ambiri amachisiya. "Rede yathu kuno imafika ikunong'ona, ndiye iyi ikukuwa. Ndinaziona pa sukulu ina ku Ntengo-Wambalame. Kumeneko tinangoichotsa basi."

Ndinamufunsa ngati sangasinthe mawaya. Anayesa, ndinamuona ndi maso anga. Anaipatsa batire yakeyake, anapatutsa waya. Sizinathandize, chifukwa mlongoti uli pamwamba penipeni pa chipindacho.

"Ichoke," anatero.

Apa m'pamene anaona zilembo za penti yabuluu pansi pa nyaleyo: KUKUMBUKIRA ROZINA.

Rozina anali mkazi wa a Zakariya, mlimi wa fodya wa kutsidya kwa dambo. Anamwalira m'chipinda chomwecho chaka chatha, magazi atakana kuleka, namwino ataluma foni m'kamwa kuti tochi yake imuunikire manja. A Zakariya sanakalipe, sanasumire munthu. Anangogwira mawu amodzi, kuti akadaona bwino mwina akadamupulumutsa. Atagulitsa fodya anapita kumsika n'kufunsa nyale yowala kuposa zonse. Tsiku loipachika mpingo unabwera, amayi anavala yunifolomu, kunaimbidwa nyimbo, abusa anasanjika manja pakhomalo. Ine ndinalipo. Ndinaombera nawo m'manja.

Madzulo a Lachiwiri lija, Domingu ataona zilembozo, a Enfermeira anakhala pabenchi, manja m'mutu. Kenaka anati, "Ndiye Marita uja."

Marita anabwera mwezi wa mphepo, mwana atapingasa m'mimba. A Enfermeira analemba uthenga woitana ambulansi, uthenga sunapite. Analembanso, sunapite. Mwamuna wake anathamangira kuphiri ndi foni, mdima uli bii. Mmene ambulansi imafika n'kuti kunja kukuyera. Marita ali moyo. Mwana anakamuika amayi okhaokha, monga timachitira ndi makanda otero. Nthawi yonseyo nyale inali chiyakire, ndipo chozimitsira chinali pafupi ndi phewa la namwino.

Lachitatu m'mawa komite ya chipatala inakhala pansi pa mtengo wa mango. Ine ndimaganiza kuti nkhani yake ndi yaifupi. Ha, ndinadzinamiza.

Mkulu wampingo anayamba: "Chinthu chopemphereredwa sichitsika pakhoma. Tikauza chiyani mpingo?"

Mayi wapampando anawonjezera: "Komanso a Zakariya aja mtima wawo wangoyamba kumene kukhala pansi. Tikawauza zimenezi tiwapha. Tiyeni tichite chonchi: nyale ikhale, a Enfermeira azizimitsa akafuna kutumiza uthenga, akatha aziyatsanso. Iwo asadziwe kanthu."

Anthu anagwedeza mitu, nkhope zikumasuka. Nzeru yapezeka.

A Enfermeira anaimirira. Si wakuno, Chichewa chawo chimatsimphina, koma tsiku limenelo chinayenda bwino. "Amayi, uthenga si kutumiza kokha. Ndimadikira yankho, dokotala amandiuza chochita, ambulansi imafunsa njira. Mayi akamataya magazi manja anga onse amakhala mwa iye. Ndiye ndisankhe chiyani, kuona kapena kuitana?"

Wapampando anati, "Tamva. Tiona."

Tiona. Mawu amenewa aika anthu angati m'manda kuno kwathu?

Ndikuuzeni, abale anga, chimene chinandiwawa. Anthu a mu komite aja si oipa. Ndimawadziwa, ena ndinawaphunzitsa ine. Chimene chinawamanga lilime ndi ulemu, ulemu womwewu timaunyadira. Ife mphatso timailandira ndi manja awiri, titagwada. Sitiifunsa kuti yachokera kuti, sitiitembenuza kuti tione pansi pake. Munthu akakupatsa nkhuku yodwala umathokoza, n'kukaikwirira iye atapita. Pa nkhuku zilibe kanthu. Koma mwambo womwewo taulowetsa m'zipatala, m'masukulu, m'mijigo, m'mene mphatso yolakwika imatha kupha.

Ndi sukulu zingati zimene zasunga makompyuta akufa chifukwa anapereka ndi munthu wolemekezeka? Ndi mankhwala angati olembedwa m'chilankhulo chimene palibe amachiwerenga, amene tinawalandira ndi nthungululu? Timaopa kuchititsa manyazi munthu mmodzi amene tikumuona nkhope. Amene adzavutike sitikumuona, chifukwa sanafike. Mwina akadali m'mimba.

Ndipo musandimve molakwa, sindikunyoza nyale za LED. Zatichotsa pa utsi wa koloboyi, ana akuwerenga madzulo, batire ikukhalitsa. Koma pitani pamsika wa Furancungo muone. Zadzaza pamphasa, zina zilibe ndi dzina lomwe, wogulitsa amangokuyatsira kuti uone kuwala. Kuwala ndiye timagula. Ndani amaziyesa zisanafike pamphasapo? Inu amene wailesi yanu inayamba kukhosomola chiyambireni baraka ya pafupi, kagolosale kaja, kupachika nyale, munaganizapo? Kapena nanunso munati ndi mitambo?

Funso lina ndi lowawa kuposa. Zinatheka bwanji kuti chipinda chochilira amayi chidikire mlimi wofedwa kuti achiunikire? Nyale yoyenera, yoyesedwa, ikadakhalapo kale, a Zakariya sakadapita kumsika. Mwinanso Rozina akadakhala akupalira fodya lero.

Komite itabalalika ndinalowa kukatsanzika Felisita. Anandigwira dzanja. "Atsibweni, ndiye agwirizana chiyani?" Ndinayang'ana miyendo yake ija. Ndinangotuluka n'kulunjika kudambo.

A Zakariya ndinawapeza akumanga chigafa. Anandipatsa mpando, tinalonjerana, tinakamba za mvula ndi za feteleza. Ndinazungulira ndithu, ngati munthu wodzafunsira mbeta. Pomaliza ndinanena. Ndinafotokoza za wailesi, za kamaso kofiira, zonse monga Domingu ananenera. Ndinabwereza kuti vuto si iwo, vuto ndi amene anapanga nyaleyo.

Anamvetsera osandidula, luzi lili m'manja. Kenaka anafunsa chimene ndimaopa.

"A Profesolo, mwana wa Marita uja. Usiku umenewo inali yoyaka?"

Ulemu womwe ndikuudzudzulawu unandigwira inenso. Bodza linali pafupi, lokoma, lachifundo. Ndinati, "Inali yoyaka, achimwene. Koma palibe angalumbire kuti ambulansi ikadafika msanga mwanayo akadakhala moyo."

"Ndikudziwa kuti inali yoyaka," anatero. Analoza kutsidya. Kuchokera pakhomo pawo windo la chipinda chija limaoneka bwinobwino pakati pa mitengo. "Madzulo aliwonse ndimakhala pano kuiyang'ana. Ikayaka ndimadziwa kuti mayi a ana anga akugwira ntchito. Tsiku limenelo inayaka mpaka mbandakucha. Ndinati kuli mayi akuchira poyera, sali mumdima ngati wanga. Ndinagwada pomwe mwakhalapo n'kuthokoza Mulungu."

Ndaikapo anthu ambiri m'manda, ine, koma mawu amenewa anandipweteka kuposa maliro ena. Sindichita manyazi kunena kuti misozi inatsika.

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi sikuludilaiva ndi chitenje chakale. Tinawoloka dambo. Kuchipatala mkulu wampingo uja anathamanga kudzawachingamira, akuti dikirani tikambirane, pali njira ina. A Zakariya anangoti, "Ndinapachika ndine." Anakwera pa mpando, anamasula, anakulunga nyaleyo m'chitenje. Anapepesa kwa a Enfermeira, munthu amene sanalakwe kanthu kupepesa, ndipo anafunsa njira ya kwa Marita. Ndinawaletsa, sanandimvere.

Pakhomapo patsala mabowo ndi zilembo zabuluu zija. A Enfermeira anati asazifute.

Ndikulemba izi Felisita akudikirabe. Intaneti ikugwira usana ndi usiku. M'chipindamo mwabwerera kababu kakale kofiirira, ndipo a Enfermeira ayambanso kusunga foni ya tochi m'thumba la yunifolomu, kuti ikafika nthawi adzailume. Domingu analonjeza kuti akapempha nyale yoyesedwa ku sede, kulikulu la boma. Anapemphadi, akuluakulu a kumeneko anamuyankha kuti aona.

Tsono inu amene mumasaina mapepala, ndi inu amene mumagwedeza mitu pansi pa mitengo ya mango, ndikufunseni. Madzulo ano a Zakariya akhala pakhomo pawo monga mwa masiku onse, n'kuyang'ana kutsidya kwa dambo. Iwo mbali yawo achita, kawiri konse. Windo lija lidzayakanso mwana wa mlongo wanga asanayambe kubuula, kapena tikudikira bambo wina wofedwa agulitse fodya?